Nyundo Zisanu pa Chisoti cha Dontrell

Ntchito yanga pa yunivesite yathu kuno ku Mississippi ndi yosamala zovala ndi zisoti za timu ya mpira, uwu wa ku America wothamanga nawo m'manja n'kumagundana mitu. Ndaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndinaphunzira mbiri yakale kuti ndikhale mphunzitsi, koma ndinazindikira msanga kuti kuno wochapa masokosi a osewera amalemekezedwa kuposa pulofesa.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, a Kochi Royce Pickard ankasonkhanitsa osewera n'kugawa timasitika tomata pa chisoti. Nyenyezi inali ya wogoletsa. Nyundo inali ya amene wagundidwa mpaka kuiwala dzina la mayi ake, koma n'kudzuka, kubwereranso m'bwalo tsiku lomwelo. A Kochi ankatchula dzina, anzake n'kumenya matebulo, ine n'kumata. Mwambowu anauyambitsa okha ndipo ankaunyadira kuposa ana awo.

Chaka chatha anajambulidwa akutukwana mayi wina wokalamba amene anawafunsa chifukwa choimikira galimoto pamalo a olumala. Kanemayo anazungulira dziko lonse. Anapepesa pa wailesi ya kanema, akazi awo atawagwira dzanja, abusa ataima kumbuyo. Timu inali itapambana masewero khumi, choncho akuluakulu a sukulu anakumbukira kuti Baibulo limaphunzitsa kukhululuka. Chaka chino tapambana anayi okha, ndipo chikumbumtima cha akuluakuluwo chayamba kuyasamula.

Kenako kunabwera mlandu wa Dontrell Haygood, amene anatisewerera zaka zitatu. Lero sangawerenge tsamba limodzi mutu osamuwawa, ndipo galimoto amamuyendetsera ndi mayi ake. Anasumira sukulu komanso a Kochi. A Kochi analumbira kuti sanadziwepo za wosewera aliyense wobwerera m'bwalo ubongo utagwedezeka. Vuto linali lakuti wosewera akamachoka timam'patsa chisoti chake, ndipo cha Dontrell chinali ndi nyundo zisanu. Loya wake anafuna kumva kwa munthu amene anazimata. Akuluakulu ananeneratu kuti tanthauzo la nyundozo likatsimikizika, a Kochi apakire.

Lachiwiri masana a Kochi ananditengera kumalo owotcha nyama ya nkhumba.

"Idya nthitizo, Emmett, waonda ngati mtengo wa mbendera," anatero. "Nadine akanakuona akanakalipira ine."

Nadine anali mkazi wanga. Anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo a Kochi ananyamula nawo bokosi, mbali ya kumutu. Chiyambire tsikulo anali asanatchuleponso dzina lake. Ndinadziwa kuti nthitizi zili ndi nkhani.

"Nyundo zija ukukumbuka kuti zinali za chiyani?"

"Ndamata zoposa mazana awiri, a Kochi."

"Zinali za kusajomba m'kalasi."

"Ndi za Dontrell zomwe?"

"Makamaka iyeyo. Mwana wokonda mabuku."

"Uja anandifunsa ngati kulaibulale amalowa ndi tikiti?"

"Ndiye kuti anafika pakhomo pake. Tamvera, mkulu. Sindikukupempha kunama, ndikukupempha kukumbukira bwino. Ndikachoka ine abweretsa kamunthu ka ku California kodyetsa osewera masamba."

Atatero maso awo anayamba kulengeza misozi. Sindipirira kuona mwamuna akulira ali ndi msuzi pachibwano, choncho ndinavomera kuti zithe msanga.

Lachinayi m'mawa tinakumana m'chipinda cha misonkhano cha akuluakulu. Chisoti chinali pakati pa tebulo. Dontrell anakhala pakona atavala magalasi akuda, poti kuwala kumamupweteka. A Kochi anakhala kumbuyo kwanga, loya wa sukulu, a Whitlow, atawachenjeza kuti ngakhale kutsokomola asatsokomole. Loya wa Dontrell, mayi Corinne Abernathy, anali wamfupi, wolankhula motsitsa ngati namwino. Anandilumbiritsa, mlembi n'kuika zala pa makina ake.

"Bambo Lassiter, timanyundoti munamata ndinu?"

"Ndine, mayi."

"Timatanthauza chiyani?"

Ndinayang'ana chisoticho. Nyundo yachitatu inali yopendekera pang'ono, chifukwa tsiku lomwe ndinkaimata Dontrell ankalephera kugwira chisoti chake bwinobwino.

"Kusajomba m'kalasi," ndinatero.

Mayi Abernathy sanadabwe. Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa mazira.

"N'zosangalatsa. Ndiye kuti aliyense akanatha kuipeza?"

"Aliyense."

"Ngakhale uja amangolowa kudzamenya mpira ndi phazi, n'kutuluka yunifolomu ili mbee?"

Kuno womenya ndi phazi timamuwerengera ngati mlendo amene wasochera m'chipinda chovalira. Kumbuyo kwanga mpando unalira.

"Ngakhale iyeyo," ndinayankha.

"Nanga oimba malipenga m'bandi ya sukulu? Ndamva kuti sajomba."

"Mwina anaiwalika, mayi."

"Chabwino. Ndiye tilembe kuti nyundo ya a Pickard ndi mphoto ya munthu wodziwa kukhala pampando."

"Palibe womenya ndi phazi analandirapo nyundo pa timu yanga," anatero a Kochi.

"Royce, khala pansi," anawanong'oneza a Whitlow.

Koma anali atafika kale patebulo, chala chili pa chisoti.

"Mayi, mukuiona iyi? Novembala, mvula ikugwa, tikutsalira ndi mapointi anayi. Mwana uyu anagona pansi osagwedezeka. Atadzuka anandifunsa kuti tili mumzinda uti. Ndinamuuza kuti zimenezo akafunse titapambana. Anabwerera n'kugwetsa munthu kawiri. Nyundo imapezeka choncho, osati ndi pensulo. Uwauze, Dontrell."

"Zoona, a Kochi," anatero Dontrell pakona paja, ndipo anali kumwetulira.

A Kochi anafotokoza zonse zisanu, tsiku lake, timu yake ndi zigoli zake. Munthu amene analumbira kuti sadziwa kanthu anakumbukira ngakhale komwe mphepo inkachokera. A Whitlow anatseka faelo yawo pofika pa nyundo yachiwiri. Mayi Abernathy sanawadule mawu, anangowathirira madzi m'tambula kuti kukhosi kusaume.

Kenako a Kochi anamaliza. Mayiwo anatembenukira kwa ine.

"Bambo Lassiter, pali chimene mukufuna kukonza pa zomwe munanena?"

Ndinawauza kuti nzeru zandibwerera.

Potuluka, a Kochi anandigwira phewa. "Iwe unanama bwinobwino, Emmett. Koma za malipenga zija sindikanazipirira ayi." Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kupepesa kapena kuthokoza, ndipo sindinafunse.

Lolemba sukulu inalengeza kuti a Pickard apuma pa ntchito kuti azicheza ndi banja lawo. Banjalo silinafunsidwe. M'chikalata cholengezacho akuluakulu analemba katatu kuti moyo wa ophunzira ndiwo chuma chawo chachikulu, ndipo ine anandilamula kuchotsa nyundo pa zisoti zonse lisanafike Loweruka. Amati sabata yamawa kubwera masitika atsopano, a kabuku kotsegula, operekedwa kwa osajomba m'kalasi.

Lachitatu, ndikupala zisotizo ndi kampeni, Dontrell analowa. Mayi ake anali kumudikira m'galimoto panja. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana timanyundo tomwe tinali mbwee pansi.

"A Emmett, za kalasi zija munandiseketsa," anatero.

"Pepa, Dontrell."

"Iyayi, palibe kanthu. Koma ndimati ndikufunseni. Zanga zinayenera kukhala zisanu ndi imodzi. Pali tsiku lina a Kochi anandidumpha."

"Liti?"

Anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Ndi limenelo sindikulikumbuka. Koma linalipo. Simunatsale nayo ina?"

M'kabati kumbuyo kwanga munali mpukutu wathunthu, nyundo mazana atatu zosamatidwa.

"Zinatha," ndinamuuza, n'kumuperekeza kugalimoto.