Siteji ya pa Efulemu

Basi ya m'tauni itangowoloka mlatho wa Lilongwe, Enelesi anayamba kusuzumira pazenera kufunafuna mitengo. Bambo ake, a Efulemu, anali chigonere kwawo ku Mitundu miyendo itatupa, ndipo anamutuma chinthu chimodzi chokha: akaone ngati manda a mudzi wawo wakale akadalipo, pakuti ankafuna kukagona pafupi ndi akazi awo. Mudziwo unasamutsidwa boma litayamba kumanga likulu. Manda sasowa, anatero bambowo, ukangoona pamene mitengo yawirira, ndi pomwepo.

Koma mitengo yake iti? Paliponse panali nyumba zamalata zofanana, zitandanda m'mizere. Enelesi atatchula dzina la mudziwo, kondakitala anapukusa mutu, nati kuno malo onse anapatsidwa manambala ngati mabedi a kuchipatala. Enelesi mutu unaima. Ali mkati moganiza zobwerera, kondakitala yemweyo anamenya chitseko n'kufuula kuti, "Pa Efulemu! Otsika pa Efulemu!"

Enelesi anatsika. Kale bambo ake ankakonza njinga pansi pa mkuyu m'mbali mwa msewu, ndipo anthu ankangoti tikumana pa Efulemu. Mkuyuwo panalibe, ngakhale chitsa, koma dzina linali litatsala.

Anafunsa anthu odikira basi kuti Efulemuyo anali ndani. Abale, anthu a m'tauni kudziwa zinthu! Wina anati anali mzungu woyeza misewu. Wina anatsutsa, nati anali dalaivala amene anagubuduza lole pakona pomwepo. Mayi wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Rozina, analumbira kuti anali mfiti yokana kusamuka, ndipo inafera pomwepo.

"Ndi bambo anga amenewo," anatero Enelesi. "Ali moyo, dzulo ndinawamwetsa phala ndi manja angawa."

Ena anaseka, ena anasuntha pang'ono, chifukwa nkhani za kusamutsidwa sizinkakambidwa pagulu masiku amenewo. Rozina manyazi anamugwira. Anamukokera pambali n'kumulozera bwalo lafumbi pamene mabasi ankatembenukira. Anati pofika iye panali mitengo yowirira, kenaka makina a katapila anaigwetsa yonse. Za mafupa, ena amati anawasamutsa, ena amati ayi. Kumene anawapititsa, palibe ankadziwa.

Enelesi anazungulira bwalolo osadziwa poponda. Paliponse pamene wayika phazi ankaopa kuti waponda mayi ake. Analira, osasamala za anthu.

M'basi yobwerera anakonza bodza, nalisiya, nakonzanso lina. Mpaka anaganiza zoyamba wakafunsa nzeru kwa mlongo wake Jeremiah ku Nathenje, koma nthawi yozungulira panalibe.

Anapeza a Efulemu atatsamira khoma la khonde, maso ali kunjira. Anagwada n'kuyamba ndi zokoma: kuti dzina lawo likumveka tsiku lonse m'tauni, makondakitala akuliimba, ngakhale ana akulidziwa. Mkuluyo anamvetsera osaphethira.

"Sindinakutume dzina, mwanawe. Amako wawapeza?"

Mabodza onse aja anamuthawa. Anawauza za bwalo lafumbi, za katapila, ndi kuti mabasi amatembenukira pomwepo. A Efulemu anasisita bondo lotupalo.

"Ukamuuze Jeremiah asavutike kufuna galimoto," anatero pomaliza. "Mudzandiike konkuno. Koma mitengo ya pamutu panga mudzabzale iwiri, winawo wa amako."