Mboni ya Dokotala Vandermeer

Bilu ya lamulo latsopanolo inali ya masamba awiri okha, koma inamusowetsa mtendere Loretta Vandermeer, dokotala wowongola msana, mwezi wathunthu. Ikanati idutse, madokotala owongola msana m'chigawo chonse sakanaloledwanso kujambula mafupa a odwala. Kwawo kumapiri, makina ojambulira ena anali pamtunda wa maola awiri pagalimoto, ndipo Loretta sankafuna kugwira msana wa munthu asanauone m'kati.

N'chifukwa chake Lachiwiri m'mawa anali m'chipinda cha komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo. Kutsogolo kunakhala aphungu asanu ndi anayi, ena maso ali pafoni. Kumanzere kunadzaza madokotala a m'zipatala, eni ake biluyo.

Dwayne Pruitt, amene bungwe la owongola msana linamulemba ntchito yonyengerera aphungu, anasendera pafupi. Munthuyu ankamwetulira aliyense, ngakhale amene ankadana naye.

"Mboni yanu ija mwaikonza, Adokotala? Mawu oti kuchiritsa asayerekeze kutuluka pakamwa pake. Anzathuwa akungodikira omwewo."

"Bambo Haskett si mwana, a Pruitt."

"Ndiye chikundiopsacho."

Orville Haskett anali mkulu woweta ng'ombe, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Chaka chatha anabwera kwa Loretta akudandaula msana. Atamujambula, Loretta anaona chachilendo pafupa ndipo anamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Inali khansa. Nkhani imeneyi ndiyo bungwe linkadalira, ndipo mkuluyo anavomera kuinena yekha poyera.

Ataitanidwa, anaika chipewa patebulo n'kuyamba bwinobwino. Aphungu anasiya mafoni. Kenako phungu wina, Mayi Castellano, amene kale anali namwino, anafunsa mokoma mtima.

"Nanga panopa mukupeza bwanji, bambo?"

"Ndili gwa, mayi. Mankhwala a kuchipatala aja ankangondisanzitsa, ndinawasiya mu Okutobala. Ndimangopita kwa adokotala angawa Lachinayi lililonse. Khansayo anaipitikitsa ndi manja awo."

Kumanzere zolembera zinayamba kuthamanga.

Lachinayi lililonse Loretta ankangomusisita mkuluyo mapewa pang'onopang'ono, n'kumufunsa za kuchipatala, ndipo mkuluyo ankayankha kuti zikuyenda. Kuonda kwake konse kuja Loretta ankati ndi mankhwala. Miyezi inayi yathunthu. Anachita mantha, komanso anadzikwiyira yekha.

"Inu mulankhula pambuyo pake," Pruitt ananong'ona, kumwetulira kutathawa. "Tili ndi mavoti asanu, ndipo wachisanuyo ndi Castellano. Munene kuti mkuluyu wabalalika ndi gulu, wasokoneza mawu. Kenako muwerenge zomwe tinalemba zija."

"Mkuluyu akamva ndikunena zimenezo, aziti ndagwirizana naye zosiya mankhwala."

"Mukakambirane kunja. Muno mukulankhulira anzanu mazana asanu ndi limodzi."

Pruitt sankanama, ndipo n'zimene zinkamupweteka Loretta. Koma mkuluyo ankamudziwa bwino: zonenedwa kumbali ankaziseka n'kuyamba nkhani za mvula.

Dzina lake litaitanidwa, anakaima pamaikolofoni, pepala lili m'manja. Lamulo la m'chipindamo n'lakuti mboni imalankhula kwa wapampando yekha. Loretta anatembenuka n'kuyang'ana mkulu uja.

"Bambo Haskett, ine sindinakuchiritseni. Sindingathe."

"Adokotala, lankhulani kwa ine," anatero wapampando.

"Pepani, a Wapampando, ndimaliza pompano. Bambo Haskett, ine ndinangoona chithunzi basi. Mwakhala mukundinamiza, ndipo ndinakukhulupirirani chifukwa bodzalo linkandikomera. Ndinayenera kuimbira foni kuchipatala, koma sindinaimbe. Lachinayi musabwere. Simulowanso pakhomo panga mpaka mutabweretsa kalata ya dokotala wa khansa."

Nkhope ya mkuluyo inafiira mpaka m'makutu. Za makina ojambulira Loretta ananenako mawu ochepa, mphindi zake zitatu n'kutha.

Anavota nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Asanu anavomera bilu, anayi anakana. Mayi Castellano anavomera maso ali pansi.

Pakhonde, Pruitt anamudutsa ngati sakumudziwa. Anzake a m'bungwe, ena ochokera kutali kuposa iye, anamupatukira. Haskett yekha ndiye anamudikira pafupi ndi masitepe.

"Mwandivula pagulu, Adokotala."

"Eya, ndakuvulani."

"Makina aja apita chifukwa cha pakamwa pangapa?"

"Apita. Koma pakamwa pangapanso pathandizira." Loretta anatambasula dzanja. "Bweretsani makiyi a galimoto. Chipatala chachikulu chili kuseri kwa msewu uwu."

"Ng'ombe zanga sizinadye."

"Zidya mawa."

Mkuluyo anapisa m'thumba. Pomupatsa makiyiwo anafunsa motsitsa mawu, kuti anthu odutsa asamve.

"Mukuona ngati ndachedwa?"

"Sindikudziwa, bambo," anatero Loretta. "Tiyeni."