Tepi Yochokera ku Kitwe

"Tilumbire," anatero Jailosi atayima pakhomo pa holo ya mishoni, anthu akubalalika monyinyirika. "Kanemayu tidzamutsiriza limodzi. Amene adzayambe kumupeza asadzaonere kumapeto ali yekha, ndipo asadzauze mnzake wakupha."

Gerishon ananyambita chala n'kuchiloza kumwamba.

Anali anyamata nthawi imeneyo, onse aphunzitsi atsopano pa Neno, onse odwala nthenda imodzi: mabuku a anthu ofufuza milandu. Jailosi ndiye ankawapeza, n'kumamupatsira mnzake atawayamikira ngati akumufunira mbeta. Kanema wa masana amenewo anali wa zithunzi zakuda ndi zoyera, mawindo atawatchinga ndi mabulangete. Munthu wolemera anapezeka atafa m'chipinda chokhoma, ndipo wofufuza wa chipewa chopendekeka anali atasonkhanitsa a m'nyumba onse pabalaza. Atangokweza chala kuti aloze wakupha, ayufi analowa kudzafunsa makadi a chipani. Woonetsa anazimitsa makina. M'mawa mwake galimoto ya kanema inali itabwerera ku Mwanza. Chaka chisanathe Gerishon naye anachoka, mothawa, chifukwa cha nthabwala imene ananena pa bawo.

Amene anachoka ali Gerishon anabwerako ali a Gerishon, mutu uli mbuu, patadutsa zaka zoposa makumi awiri, dziko litavotera zipani zambiri. Anapeza msewu wa ku Neno uli momwe anausiyira, manachesi akuwolera pansi pa mitengo chifukwa malole ankaopa zitunda. Chimene chinasintha ndi anthu. Aliyense amene ankawapatsa moni ankati nayenso anavutika kwambiri nthawi ija. Ayufi onse, zikuoneka, nthaka inawameza, n'kusiya anthu ofanana nawo nkhope akugulitsa sopo ndi palafini pamsika.

M'sutikesi mwawo munali mabuku ndi tepi imodzi ya vidiyo yokulungidwa m'vesiti kuopa nkhungu. Mnzawo wina wa ku Kitwe, kalaliki wa pamgodi wokonda makanema akale, ndi amene anawaonetsa tepiyo kunyumba kwake akuti, "Iyi muikonda." Chipewa chopendekeka chija a Gerishon anachizindikira chitangotulukira. Chala chitayamba kukwera anadumpha pampando n'kuzimitsa makina, mwini nyumba n'kumaganiza kuti mlendo wapenga. Atamufotokozera anaseka mpaka misozi, n'kuwapatsiratu tepiyo.

A Gerishon anawapeza a Jailosi atapuma ntchito, atakhala pa ndalema pakhonde, wailesi ili pambali. A Gerishon atangotsokomola pabwalo, iwo anatambasula manja onse awiri.

"Mwakalamba, achimwene," anatero a Gerishon.

"Inu mawu sanakalambe. Akadali a munthu wofuna kumangidwa."

Anaseka, ndipo a Gerishon anayamba kulankhula. Munthu amene wakhala zaka akubwereka chinenero cha eni, akafika kwawo pakamwa sipatseka. Analankhula za migodi, za laibulale ya ku Kitwe, za ofufuza atsopano a m'mabuku amene amangodziwa mfuti osati mutu. Anapereka mabuku angapo. A Jailosi anawasisita, anawanunkhiza, n'kuwapereka kwa akazi awo, a Estere, kuti akasunge. Pomaliza inatuluka tepi.

"Chala chija chili umu. Sindinaonere."

A Jailosi analandira tepiyo n'kuiika pamwendo. Kenako anaibweza.

"Mwachita bwino," anatero. "Tidzaona tsiku."

Pa Neno panalibe magetsi, koma panali Jimu, mwamuna wa ndevu zambiri amene anali ndi chisakasa cha vidiyo kuseri kwa msika, jenereta, ndi sipika imene inkatulutsira panja kulira kwa anthu omenyedwa zibakera kuyambira masana mpaka kulowa kwa dzuwa. Jimu anatembenuza tepiyo uku ndi uku.

"Muli kumenyana umu, madala?"

"Muli kuganiza."

"Kuganiza anthu amaganizira kwawo. Kuno amabwera kudzapuma. Nanga mfuti?"

"Imodzi. Siilira."

"Ndiye mundithamangitsira anthu, a ku Zambia." Jimu anakanda ndevu. "Chabwino. Lachiwiri lililonse kum'mawa kumakhala zii, anthu ali kumadimba. Mubwere ndi anzanuwo. Ine ndikakhala panja, ndingagone."

Lachiwiri loyamba a Jailosi anati kuzizira kwawalowa m'mawondo. Lotsatira anati kutsidya kuli maliro, sizingaoneke bwino akuluakulu kukakhala m'chisakasa cha vidiyo anthu akulira. Kenako zifukwa zinayamba kubwera zisanafunsidwe n'komwe. A Gerishon ankabwerera ndi tepi yawo m'khwapa, akudutsa pa Jimu, amene ankafuula, "Wakupha uja akalamba m'menemo, madala!"

Tsiku lina la msika a Gerishon anagula zitumbuwa pa benchi ya a Estere. Mwini wake anali atapita kukatunga madzi, ndipo mayi woyandikana naye ndi amene anawakulungira. Atafika pansi pa mtengo, anaona kuti pepala lonona mafutalo linali ndi Chingerezi chimene ankachidziwa. Linali tsamba la buku limene analinyamula kuchokera ku Kitwe, pomwe wofufuza akuyeza mapazi a m'matope kunja kwa windo. Njala inawathera pomwepo.

Njira yonse yopita kwa a Jailosi ankalumikiza zinthu monga momwe mabuku anawaphunzitsira. Pofika pabwalo mlandu unali utatha m'mutu mwawo. A Estere anali atangofika kuchokera kumsika, beseni lili pamutu. A Gerishon anakana mpando. Anayima pakati pa bwalo manja ali kumbuyo.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, a Jailosi. Koma inu si zengerezu. Ine ndakhala ndikukuonani."

"Eti?" anatero a Jailosi. "Mwaona chiyani, bwana wofufuza?"

"Munthu amene wadikira chinthu zaka zonsezi, akachilandira m'manja amachiyang'ana. Inu tepi ija simunayang'ane ngakhale chithunzi cha pachikuto. Mawondo amene amakupwetekani Lachiwiri sakupwetekani Lamulungu, chifukwa ndamva kuti kutchalitchi simujomba. Ndikamalankhula mumayang'ana kumitengo, kuthawa maso anga. Ndipo lero," anatulutsa pepala lija n'kulikweza m'mwamba, "ichi. Buku limene ndinalisenza kudutsa malire."

A Jailosi sanatembenuke kuti aone.

"Tanthauzo lake ndi limodzi. Kanema uja munamuonera kale. Kaya ku Zalewa, kaya ku Blantyre mukukachonga mayeso. Wakupha mukumudziwa, ndipo mukuchita manyazi kukhala pambali panga n'kumanamizira kudabwa. Dziko lonse lino laphunzira kunamizira, ndimayesa inu nokha mwatsala. Mukanangonena. Ine ndinathawa ndi malaya amodzi, ndinasiya amayi osatsanzika, koma chala chija ndinachisunga."

A Estere anatsitsa beseni pansi mwamphamvu, ndiye anaseka. Sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Mwamaliza, alamu?"

"Ndikulankhula ndi amuna anu."

"Mwalankhula kuyambira tsiku limene munafika. Safunsa adadya phula. Tabweretsani pepalalo." Analilanda, n'kuliyandikitsa pankhope pa a Jailosi, n'kulipukusa. Maso a a Jailosi sanaphethire. Anali maso oyera bwino, otseguka, olunjika kumitengo ya manachesi. "Anzanuwa saona. Chaka chino n'chachitatu. Kutchalitchi ndimawatengera ine kudzera njira ya kumunda, anthu asanayambe kufika, ndipo timatuluka onse atapita."

"Estere," anatero a Jailosi motsitsa.

"Iyayi, ndatopa. Munandiletsa kunena, munaletsa mudzi wonse, ndiye onani, mukuzengedwa mlandu pakhomo panu pomwe. Mabukuwo, alamu, awerenge ndani? Ine? Ndinasiyira sitandade fili. Chiswe chikanadya. Bola zitumbuwa."

Analowa m'nyumba. A Gerishon anakhala pansi pa mpando umene anaukana uja. Wailesi inali kunena za msonkhano wa chipani china, ndipo a Jailosi anapapasa n'kuitseka.

"Munapita kuchipatala?" anafunsa a Gerishon.

"Tinapita mpaka ku Blantyre. Anati ikanakhala ng'ala akanapala. Iyi ndi mitsempha ya m'kati, inauma. Sizibwerera."

"Bwanji osandiuza?"

"Munabwera mukuthamanga ngati mwana wopeza ngumbi. Ndikanayambira pati? Ndiponso ndimafuna ndione ngati ku Kitwe munaphunzira kanthu." A Jailosi anamwetulira. "Umboni munautola wonse, achimwene, palibe chimene munasiya. Kungoti mwamanga munthu wolakwika. Apolisi a boma lija akanakulembani ntchito."

A Gerishon anayesa kuseka koma sizinatuluke. Anayang'ana manja a mnzawo, amene anali kusisita m'mphepete mwa ndalema monga anasisitira mabuku aja.

"Tipitabe," anatero. "Ndikugwirani dzanja. Mukamva mawu, ine ndizikakuuzani zimene zikuchitika."

"Theka la msika uja ndinaliphunzitsa ine kulemba dzina. Ndikadutse pakati pawo nditagwidwa dzanja ngati wopemphetsa, kuti ndikakhale kutsogolo kwa bokosi kumva azungu akulankhulira m'mphuno, jenereta ikulira kumbuyo? Chala chimaloza, achimwene, sichilankhula. Mukamandiuza m'chisakasa muja ndi kundiuza pakhonde pano, kusiyana kwake n'kotani? Nsikidzi za pa benchi ya Jimu basi."

"Tinalumbira."

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ilitu likufuna kudula iwiri."

"Munalumbiritsa ndinu."

"Ndinali ndi maso." A Jailosi anatembenukira kumene kunkachokera mawu, koma anaphonya pang'ono, n'kulankhula ndi mzati wa khonde. "Tamverani. Munthu akakhala mu mdima amakhala ndi nthawi. Kanema uja ndamuonera m'mutu muno kambirimbiri, mpaka pamene anazimitsa. Ndi dokotala uja. Ndi yekhayo amene analowa m'chipinda chitseko atachithyola, n'kuwerama pa mtembo ena ali pakhomo."

"Dokotala? Ndi mlamu wake wa malemuyo, wa ndolo m'kamwa uja..."

"Ndolo m'kamwa? Dzino lagolide, inu. Chichewa chinakuthawani." Anaseka mpaka kutsokomola. "Mlamu anamuikamo kuti anthu opupuluma ngati inu amugwire. Mukuona? Ndikafa osadziwa kuti wolondola ndani, mudzalalikira pamanda panga kuti ndi mlamu, ine ndilibe poyankhira."

A Estere anatuluka ndi makapu a tiyi. Anaika imodzi m'manja mwa amuna awo, n'kuwazungulitsira zala pa chogwirira. A Gerishon anaona kachitidwe kameneko, ndipo anazindikira kuti anakaonapo masiku onse amene anabwera pakhomopo, akulankhula za ku Kitwe.

"Tiyi, alamu. Kapena mufufuze kaye ngati ndathiramo tameki?"

Anamwa. Panalibe amene analankhulanso za tepi. Anakambirana za msewu, za manachesi, za anzawo a kusukulu amene anamwalira, ndipo ulendo uno a Gerishon ndi amene ankafunsa. Mayina anali ambiri. Ena anafera kundende, ena matenda atsopanowa, ena ukalamba wamba. Pochoka, a Jailosi anagwira dzanja lawo nthawi yaitali.

"Mukaonetsetse nkhope ya amene akamulozeyo," anatero. "Ndikufuna ndidziwe ngati anadabwa."

A Gerishon anavala chipewa chawo n'kunyamuka.

Lachiwiri linacha ndi chifunga. Pamsika panali agalu ndi amayi awiri akusesa. Jimu anali kuthira petulo mu jenereta, atadzifunda chitenje cha nkhope ya mtsogoleri wa chipani chimene sichinapambane.

"Lero ndiye lero, a ku Zambia? Nanga anzanu aja?"

"Lizani makina."

Jimu anawayang'ana, kenako anayang'ana njira yochokera kwa a Jailosi. Analowetsa tepi, anakonza mawaya, n'kutuluka kukakhala padzuwa.

M'chisakasa munkanunkha makoko a nzimbe ndi thukuta la dzulo. A Gerishon anakhala pa benchi yakutsogolo, chipewa chili pamwendo. Anaonera kanemayo mpaka pamapeto ali okha, ndipo masana omwewo anakwera kwa a Jailosi n'kuwauza wakupha.