Tsiku Limene Mbuzi Inakhala Nkhoswe

Pakhomo pano amanditcha Samalani, ati pakamwa panga sipatuluka mawu ena. Mwana akakwera mumtengo, samalani. Njinga yamoto ikadutsa, samalani. Anene zonsezo, koma maso ndili nawo.

Lachiwiri lija ndinapita kukathyola chisoso kumtsinje umene umathira m'dziwe lathu, lija limalumikizana ndi nyanja ya Chiuta madzi akasefukira. Ndili chiweramire, ndinaona apongozi anga a Zubairu, amuna a mwana wanga Sakina, akutsuka sipuleya yopoperera mankhwala a thonje m'madzi momwemo. Madzi kuchita kuyera ngati mkaka! Ndinabisala kuseri kwa bango. Zaka khumi ndi ziwiri ali pakhomo pano, ine ndi iwo sitinayankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zonse zimadzera mwa Sakina, koma Sakinayo anali kuchidikiro kuchipatala, mimba yatopa.

Kutacha, a Zubairu anatulukira ndi ndowa yodzaza nsomba, makumba ndi milamba, akuimba likhweru. Ati azitola zikuyandama padziwe. Anakoleza moto, nayika waya, kuti awambe: zina adye adzukulu anga, Sadiki ndi abale ake, akaweruka kusukulu, zina akampatse Sakina.

Ndinafuna kuwaletsa. Koma womutuma panalibe. Pabwalo panali ine, iwo, ndi mbuzi yomangidwa pa mtengo wa mango.

Ndinakhala chofulatira, ndi kukweza mawu.

"Mbuzi iwe, wadzuka bwanji? Ukawauze abambo a Sadiki kuti nsombazo ndi zakupha."

Likhweru linatha. Kenako ndinamva akutsokomola.

"Mbuzi, uwauze amayi kuti nsomba zimafa chaka chilichonse padziwe paja, ndipo timadya. Iwonso chaka chatha anadya mitu itatu."

"Inali iwiri, mbuzi, usamanamizidwe. Ndipo unali Okutobala. Nthawi imeneyo madzi amaphwa, amatentha, amachita ndere zobiriwira, nsomba n'kumabanika zokha. Zimenezo ndi za Mulungu. Pano ndi Febuluwale, dziwe ladzaza. Zabanika ndi chiyani?"

"Uwauze kuti mwina ndi matope a mvula."

"Iyayi! Matope sapha achule. Uwafunse ngati akakowa anali pamenepo kutola nawo zaulerezo."

Mbuzi inangotiyang'ana, ikutafuna khoko la chinangwa.

"Mbuzi, amayi anati wailesi imakoka mphenzi. Anati foni ikagona kumutu imayamwa ubongo."

"Za foni tidzakambirana tsiku lina. Uwafunse kumene anatsukira sipuleya dzulo."

Apo mpeni umene amatumbulira nsomba unagwa pansi. Ndinamva mapazi akutsikira kudziwe, osati kuyenda, kuthamanga. Ine ndinasendera pafupi ndi ndowa ija ndi ndodo yanga, kuthamangitsa nkhuku, chifukwa nkhuku nazo sizimva.

Anabwerako chipewa chili m'manja. Anaima pafupi ndi mbuzi, maso pansi.

"Uwauze amayi kuti achule agona chagada mbali yonse ya kumtsinje. Ndi nkhanu zomwe. Kakowa palibe ndi mmodzi yemwe."

"Uwauze akumbe dzenje lakuya, loti galu asafukule. Ndowayo isalowenso m'nyumba. Kenako akwere njinga, akauze onse amene anatola nawo, ndi amayi otunga madzi. Ayambire kwa a Usumani, aja satola pang'ono."

Anapita. Madzulo ndithu anakumba dzenje lina kumunda, kutali ndi mtsinje, lotsukirapo sipuleya. Adzukulu anadya chisoso changa chija? Iyayi, ndinachitaya. Chinamera m'mbali mwa madzi omwewo. Anadya nkhwani, nkhope zili zolimba, akung'ung'udza kuti agogo ayambanso.

Sakina anabwerako patatha sabata ndi kamwana kakakazi konenepa bwino. Atakhala pamkeka, anaona amuna ake akudutsa pa mango paja, akuvula chipewa.

"Mbuzi, amayi adzuka bwanji?"

"Uwauze tadzuka," ndinayankha. "Koma ndaona botolo la mankhwala lili pawindo. Mwana uyu sachedwa kukwawa."

"Amayi," anatero Sakina, "mwana wa sabata imodzi? Nanga mbuziyi yalowa liti m'banja langa?"

Ndinali kuyang'ana chingwe cha mbuziyo. Chayamba kutha, ndipo ikadzathawa tsiku lina, pakhomo pano tidzafa tonse.