Mfundo Imene a Mbaliziwiri Anaisiya

Ana asukulu ankawatchula kuti a Mbaliziwiri. Moyo wawo wonse anaphunzitsa kalembedwe ka chimangirizo cha mtsutso, ndipo matendawo anawatsatira mpaka kunyumba. Ukawafunsa ngati kugwe mvula, ankayamba ndi zifukwa zoti igwa, kenako zoti siigwa, iwe n'kunyowa uli chiimire. Malemu akazi awo ankati ngakhale tsiku lowafunsira, bamboyu anayamba wafotokoza kaye ubwino wokhala mbeta.

Lamulo lawo linali lakuti mbali zonse uzipatse mipando yofanana, osabisa mfundo, koma mbali imene kuli mtima wako uiike kumapeto.

Atapuma ntchito, maso anayamba kuchita nkhungu. Wowawerengera zolemba za pa mabotolo a mankhwala, ndi kuwapezera magalasi amene anali pamphumi pawo pomwe, anali mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, namwino.

Tsiku lina masana, akusita malaya a bambo ake, mwanayo anawauza kuti wapeza ntchito yabwino kutali, kumene munthu sabwerako wamba. Anaimika simbi n'kukhala pansi.

"Ababa, ndipite kapena ndikhale? Chimene munene ndichita."

Mtima wa mkuluyo unali utakuwa kale kuti khala. Koma mwanayu anadutsa m'kalasi mwawo, ndipo ankadziwa kutchera khutu ku chobwera pomaliza.

Bamboyo anayamba ndi zokhala. Anati nyumba ilipo, anzake a kuntchito anawazolowera, manda a mayi ake ali pafupi. Za maso awo sanatchule. Kenako anatsokomola n'kuyala zopita: maphunziro, chipatala chachikulu, zaka zimene sizidikira munthu. Anaziyala mokoma moti ngakhale mpando umene anakhalirawo ukanalongedza katundu.

Mwanayo anapukusa mutu.

"Mbali yoyamba ija yaonda, aphunzitsi. Mukanakhala mukuchonga, mukanalembapo chiyani?"

"Ndikanalemba kuti wayesetsa."

Anaseka onse awiri, kuseka kosafika patali. Mwanayo anabwerera ku simbi n'kusita malaya onse a m'nyumbamo, ngakhale aja anasiya kuwakwana kalekale.

Anapita mwezi wotsatira.

Malaya ositawo anatha mmodzimmodzi. Mkuluyo anayamba kutuluka mabatani atasemphana, ndipo mankhwala ankawawerengera ndi mayi woyandikana nawo nyumba, wogulitsa makala, amene ankasiya zala zakuda pa botolo lililonse. Mwana akaimba foni, ankamuuza kuti maso ali bwino ndithu, dzulo lomweli awerenga nyuzipepala yonse.

Mmawa wina, tiyi ali pa tebulo, mayi wamakalayo, akuwakonzera mabatani, anawafunsa mwanthabwala ngati mwana uja amamusowa. Mayiyo anakhala pa mpando, poti ankadziwa kuti yankho la bamboyu limafuna munthu wokhala pansi.

"Kwambiri," anatero a Mbaliziwiri.

Mayiyo anadikira mbali yachiwiri. Anadikira mpaka tiyi anazizira.