Kaputeni Anadula Mawaya

Pali munthu mmodzi amene sindinakumanepo naye koma amandikwana kuposa anthu onse amene ndimawadziwa. Ndi Kaputeni wa pa kanema, uja amayendetsa chombo pakati pa nyenyezi Loweruka lililonse masana. Ndi wamtali, mano oyera mbee, nsapato zasiliva zofika m'mawondo. Akatera pa dziko la eni ake sapereka moni ndipo safunsa kanthu. Amangokwera pamwala, manja m'chiuno, n'kuwauza anthu amene akhala pamenepo chibadwire kuti vuto lawo ndi lakuti, ndipo iye walithetsa kale. Zikavuta, anthu n'kufa chifukwa cha nzeru zakezo, amayang'ana kumwamba, nyimbo yachisoni n'kuyamba, kuti ife tizimvera chisoni iyeyo. Ofedwa aja kanema sawaonetsanso.

Sindikanataya nthawi yanga pa munthu wodzimva chotere pakanapanda bambo anga. Matenda a shuga atawalanda maso, pulogalamuyi sanaisiye. Mawu ankamva okha, koma pamene anthu a m'chombomo akhala chete pankafunika wowauza zimene zikuchitika. Ndiye ndinkakhala pambali pawo pa sofa n'kumanena kuti watsegula chitseko, kunja n'kofiira, kumbuyo kwake kwaima chinyama cha mitu iwiri. Nthawi zina ndinkathirako zanga, kuti waima ngati tambala amene wapeza khola lopanda mnzake. Bambo ankandimenya pabondo n'kunena kuti ndizinena zimene ndikuona, zamumtima ndizisunga. Iwo Kaputeni ankamukonda kwabasi. Ankati ndi mwamuna wosazengereza.

Bambo ndi osoka nsapato. Ine ndisanabadwe anali atakhala kale pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi, ndi benchi lawo, nyundo, guluu ndi bokosi la singano. Maso atayamba kuchita mdima, achimwene anga, oyamba kubadwa, amene ndi bwana pa kampani ya mathiraki, anangofika m'mawa wina ndi galimoto. Ananyamula benchi, bokosi ndi bambo omwe, n'kudzatula zonse kunyumba kwanga. Anati pamsewu angagundidwe ndi njinga. Mwina zinali zoona, koma sanafunse bambo ndipo sanafunse ine mwini nyumba.

Bambo anafooka tikuona. Chakudya chinkabwerera mmene chapitira, ndipo tsiku lonse ankakhala pampando atapinda manja. Kenako achimwene anabwera ndi mankhwala awo: thumba lodzaza nsapato zong'ambika. Anati makasitomala akale akulira, akuti wosoka wina aliyense akuwawonongera nsapato, ndiye azizisonkhanitsa iwo n'kumabweretsa Loweruka lililonse. Bambo anadzuka ngati mbewu yothiriridwa. Ankasoka pakhonde la kuseri, zala zikuchita ntchito ya maso. Ine ndisanapite ku sukulu ya mkaka kumene ndimaphunzitsa, ndinkawalowetsera ulusi m'singano zingapo n'kuzibaya pa siponji kuti asavutike kufufuza. Loweruka achimwene ankatenga zosokedwa n'kusiya zina, komanso ankabweretsa mauthenga. Namwino uja akuti nsapato yake yakhala ngati yatsopano. Mlonda wa kubanki akupereka moni. Bambo ankamwetulira mpaka Lachitatu.

Nanenso ndinkakhulupirira. Zinaululika tsiku limene ndinapita kwa achimwene kukabwereka makwerero, alamu n'kundiuza kuti ndikatenge ndekha m'galaja. Kuseri kwa matayala akale ndinapeza mulu wa nsapato wofika m'chiuno. Zina zinali zitachita nkhungu, zina makoswe atayamba kudya. Ndinatola imodzi, ndipo msoko wa bambo ndinauzindikira, wowongoka, mfundo yake yobisika mkati. Ndinakumbuka kuti nsapato imeneyo inawabaya chala mpaka magazi.

Achimwene sanachite ngakhale manyazi. Anati nsapatozo amagula pa kaunjika, zija zotsala zimene palibe amene amazifuna, ndipo namwino ndi mlonda uja anawapanga okha ali pa chiwongolero.

"Akudya? Akudya. Akuseka? Akuseka. Ndiye vuto lako n'chiyani?" anatero, akuzunguza makiyi pachala. "Iwe utseke pakamwa. Zinthu izi ndaziganizira kale."

Ndinatseka. Koma m'mawa uliwonse polowetsa ulusi m'singano mtima unkandiwawa, ndipo bambo akandifunsa ngati msoko wawo ukuoneka bwino ndinkayankha ndikuyang'ana kumbali, ngakhale kuti sakanandiona.

Loweruka lina achimwene anafika pulogalamu itangoyamba. Anaponya thumba pakhomo, n'kudzigwetsa pampando wabwino uja, miyendo patebulo langa. Nkhani ya tsikulo inali ya mkulu wina woyendetsa chombo, wa imvi mutu wonse, amene anamuphunzitsa Kaputeniyo kugwira chiwongolero ali mnyamata. Tsopano manja a mkuluyo anali atayamba kunjenjemera, ndipo kutsogolo kwa chombo kunali miyala ikuluikulu yoyandama.

Kenako mawu anatha, kunangotsala nyimbo. Kaputeni anakwawira pansi pa tebulo la mkuluyo, n'kutulutsa kampeni, n'kudula mawaya onse ochokera ku chiwongolero. Makaniko wa chombocho, mayi amene amakonza zonse zimene Kaputeni amawononga koma sanamvepo zikomo, anamupeza ali pomwepo. Kaputeni anangoika chala pamlomo. Mayiyo anagwetsa nkhope n'kuchoka.

Bambo anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Achimwene anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Ndinati anthu akungoyendayenda m'chombo.

Chombo chinalowa pakati pa miyala. Mkulu uja anagwira chiwongolero chakufacho ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu, akupotokola uku ndi uku ndi mphamvu zake zonse. Kumbuyo kwake Kaputeni ankayendetsa chombo ndi kachipangizo kobisa m'dzanja, nkhope ili phee, ngati akusankha nyimbo pa foni. Atadutsa, anagwira mkuluyo paphewa n'kunena mokweza kuti madala atipulumutsanso. Anthu onse a m'chombo anaomba m'manja, ndipo mkuluyo analira ndi chimwemwe.

"Wamva?" anatero bambo, akundigwedeza mkono. "Iwe umati ndi wamatama. Taona mmene akulemekezera amene anamuphunzitsa."

Nkhope yawo inali itawala ngati ya mkulu wa pa kanemayo, ndipo pamenepo ndi pamene zinandikanika. Ndinawauza zonse mmene zinachitikira: kampeni, mawaya, chala pamlomo, kachipangizo m'dzanja. Bambo anachotsa dzanja pamkono panga. Anafunsa kuti ndiye mkuluyo amapotokola chiyani nthawi yonseyo. Ndinati chitsulo chabe, chosalumikizidwa ku kanthu.

Achimwene analowererapo msanga, akuseka kuseka kwa m'mano. Anati imeneyo ndiyo nzeru ya utsogoleri. Chombo chapulumuka, mkuluyo wasangalala, palibe amene wapwetekedwa. Anati anthu ena sangathe kunyamula choonadi, ndiye wanzeru amawanyamulira.

Bambo anati zoti chombo chisagunde mwala akugwirizana nazo, munthu wonjenjemera manja asayendetse anzake.

"Koma akanamuuza," anatero. "Munthu wamkulu umamuuza kuti manja anu atha, khalani apa. Alire, atukwane, n'zake zimenezo. Osati kumuombera m'manja ngati mwana amene akuphunzira kuyenda. Ndipo onse aja akuomba m'manja akudziwa?"

Ndinati makaniko yekha ndiye akudziwa. Anafunsa ngati wanenapo kanthu. Ndinati ayi, wangoima pakona. Ndinazimitsa kanema.

"Achimwene, auzeni za m'galaja. Mukapanda kutero ndiwauza ine."

Anandiyang'ana ngati andimeze. Anayamba zoti ndine mwana, sindidziwa kanthu, ndatopa ndi kusunga bambo ndiye ndikufuna kusokoneza. Sindinawadikire kuti amalize. Ndinanena za mulu uja, za kaunjika, za nkhungu ndi makoswe. Ndinanena mwaukali kuposa mmene ndinkafunira, chifukwa mkwiyo umene ndinkasungira achimwene unatulukira pa bambo, amene sanalakwe kanthu.

Bambo sanakuwe. Anafunsa za namwino uja, ndinati kulibe namwino. Anafunsa za mlonda wa kubanki, ndinati kulibe. Anafunsa ngati pa nsapato zonse zija pali ngakhale imodzi imene munthu anaivala n'kuyenda nayo pamsewu. Ine ndinati palibe.

Apo ndiye achimwene anaimirira n'kuyamba ulaliki. Anati iwo ndi amene avutika pa nkhaniyi. Bwana wathunthu kumakafukula nsapato zonunkha pa kaunjika, anthu akuwaona, kodi tikudziwa kuti n'zochititsa manyazi bwanji? Anati akanapanda iwo bambo tikanawaika kale m'manda, koma palibe amene amathokoza, ndipo kukhala woganizira banja lonse ndi mtolo umene ife sitingaumvetse. Anayang'ana kudenga maso ali ndi misozi. Chimene chinasowa ndi nyimbo yokha.

Bambo anawasiya mpaka anatopa okha. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ndinadziwa liti. Nditawauza, anangoti, "Ndipo m'mawa uliwonse umandilowetsera ulusi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama.

Anati Lolemba akufuna benchi lawo libwerere pakhonde la sitolo. Achimwene anati galimoto yawo sinyamula munthu kupita naye kukagundidwa, ndipo makasitomala onse anapita kale kwa ena, akangokhala pamenepo ngati wopemphetsa. Anatuluka akumenyetsa chitseko, thumba lawo n'kuliiwala pakhomo. Bambo anati ndilitulutse panja.

Lamulungu lonse sanandilankhule kupatula kupempha madzi. Ine mantha anandigwira. Achimwene ndi odzikuza, koma si opusa, ndipo zoti makasitomala anapita zinali zoona. Ndinkawaona bambo m'maganizo atakhala pakhonde paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mapazi akungodutsa. Madzulo ndinaimbira mphunzitsi mnzanga, amene bambo sadziwa mawu ake, n'kumupempha kuti pa nthawi ya chakudya chamasana adzadutse pa sitolo ya zitsulo ndi nsapato yofuna kusoka. Anati zake zonse n'zabwinobwino. Ndinamuuza kuti atenge lezala adule lamba wa imodzi. Ndinadziuza kuti zanga n'zosiyana ndi za achimwene, chifukwa nsapatoyo idzavalidwa ndithu.

Lolemba tinapita pa takisi, benchi litatulukira kumbuyo. Pamalo pawo panali pataima mnyamata wina wamkulu wogulitsa zikwama za mafoni, koma mwini sitolo anawakumbukira bambo ndipo anatipatsa mbali ina, pafupi ndi mapaipi. Ndinayala zipangizo mmene amafunira: nyundo kumanja, guluu kumanzere, siponji ya singano pabondo. Anakhala pansi, n'kupapasa khoma kumbuyo kwawo, n'kumvetsera phokoso la mabasi. Pakuyala ponsepo palibe amene anaima. Ena ankayang'ana maso awo oyerawo n'kufulumiza mapazi.

Nditawatsanzika kuti ndikuchedwa ku ntchito, anandigwira chovala.

"Mwanawe, usanditumizire munthu. Ngati pano sipabwera aliyense, ndikufuna ndimve ndi makutu angawa kuti sipakubwera aliyense. Ndikamva, ndidzakuuza ndekha kuti tiye nalo benchi kunyumba. Koma ndinene ndine."

Ndinati chabwino, bambo. Ndinayenda mpaka pokwerera basi. Basi yoyamba ndinaisiya ipite. Ndinatulutsa foni n'kuimbira mnzanga uja kuti asadzapitenso. Anadandaula kuti lamba wadula kale, ndipo anafunsa kuti nanga akakhala tsiku lonse popanda kasitomala zidzatha bwanji.

"Akhale," ndinatero.

Ndinatembenuka. Bambo anali atakhala chowongoka, manja pa mawondo, mutu utapendekera kumsewu. Mayi wina anachepetsa liwiro pafupi ndi benchi, anayang'ana chidendene cha nsapato yake, anayang'ana bambo, kenako n'kupitirira. Ndinaona mutu wa bambo ukutsatira mapazi akewo mpaka anasowa m'phokoso. Basi ina inafika, ndipo ndinakwera.