Mzere wa a Jairosi

Chaka cha 2008, chaka cha njala, anthu ankathawa pa esiteti yathu ya tiyi ku Honde ngati nyumba ikupsa. Ena ku Joni, ena kokumba dayamondi. Ine Gilson ndinali kapitawo, ndipo ndisaname, chikwama changa chinali cholongedza kale pansi pa bedi. Ndinkangodikira Lachisanu labwino.

A Jairosi anamwalira mu Febuluwale, atathyola tiyi zaka makumi atatu. Lamulo la pakomboni ndi louma: dzina likachoka pa mndandanda wa antchito, nyumba imalandidwa. Nanga akazi awo, mayi Alesi, akanalowera kuti? Makolo awo anachoka ku Mulanje kalekale. Kuno analibe mudzi, uko sankadziwako munthu. Mwayi wake, mabwana anali atasiya kufika kumunda, za malirozo sanamve.

Titaika maliro, m'mawa mwake nkhungu inatseka phiri lonse, moti antchito ndinkangowamva mawu. Poitana maina, lilime linangotsata chizolowezi.

"Jairosi Phiri!"

Wina anatsokomola kawiri, monga ankachitira malemuwo asanalankhule.

"Ndilipo."

Nkhungu itachoka ndinapeza mzere wawo wothyoledwa bwinobwino, pamwamba pali see ngati tebulo. Apo ndinaseka ndekha. Che Suleiman basi! Awiriwa anathyola moyandikana moyo wawo wonse, wina wa kumzikiti, wina wa kutchalitchi, botolo la mahewu limodzi. Nkhalamba inkasenza mizere iwiri ndi njala yonse ija, ife anyonga tikufunsa njira za kumalire. Manyazi anandigwira. Dzinalo sindinalifufute, ndipo tsiku lililonse linkayankhidwa.

Patatha mwezi ndinapeza malo pa lole yopita kumalire. Lachinayi masana ndinatenga kachidutswa ka sopo, chinthu chosowa masiku amenewo, n'kulondola Che Suleiman kumzere kwawo.

"Masikati, sekuru," ndinawalonjera agogowo m'chilankhulo cha kuno. "Landirani kangachepeka. Zimene mukuchitira shamwari wanu, mnzanu malemu uja, ndakhala ndikuziona. Koma chifuwa chija munachiphunzira bwanji?"

Sanaseke. Anatula dengu pansi pang'onopang'ono.

"Kuthyola ndimathyoladi, a kapitawo, koma theka. Ndikafika pakati ndimapeza mbali inayo yatha kale. Za kuyankhazo ayi. Ine ndimaswali kasanu pa tsiku, sindinganame pa dzina la wakufa. Ndimayesa mumadziyankha nokha."

Tinayang'ana mzere wa a Jairosi tonse awiri. Kunalibe mphepo, koma kumapeto kwake masamba ankagwedezeka.

"Ndamva mawa mukunyamuka," anatero. "Fambai zvakanaka, muyende bwino. Kapitawo watsopano adzabwera ndi mndandanda watsopano."

Ndinapsa mtima. Kodi komboni yonseyi ndinaibereka ndine? Ana anga nawonso amadya.

Lachisanu m'mawa ndinatuluka ndi chikwama paphewa. Ndinati ndiitane maina komaliza, ndisachoke ngati mbava. Podutsa ndinaona mayi Alesi akusesa pakhomo pawo, osadziwa kanthu. Kumunda nkhungu inali bii. Kumsewu lole inaliza hutala.

"Jairosi Phiri!"

Chifuwa chija chinamveka kawiri, pafupi, kuseri kwa phewa langa lenileni.

"Ndilipo." Kenako motsitsa mawu: "Nanga inu, a kapitawo?"

Lole inalizanso hutala, nthawi yaitali. Ndinatsitsa chikwama pa udzu wonyowa.

"Ndilipo," ndinatero, n'kuitana dzina lotsatira.